Mayeso Makumi Atatu, Fayilo Imodzi

Nkhani iyi ndikaikumbukira, ngakhale tiyi sakoma. Ndinali nditangoyamba kumene ntchito pa kayunivesite kena ku Mangochi, kuphunzitsa a chaka choyamba kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Ophunzira analipo makumi atatu, ndipo ambiri mawusi ya kompyuta ankaigwira ngati iwaluma.

Mwa iwo munali Abiti Saidi, mayi wa ana anayi wochokera ku Nkope, amene anasiya geni ya usipa kuti abwerere kusukulu. Tsiku loyamba lomwe anandiuza poyera: "Aphunzitsi, bambo akunyumba akuti ndikungotaya nthawi. Tapangana kuti ndikalephera mayeso oyamba, ndibwerere kunyanja."

Ine, ndi kadigiri kanga katsopano (mutu unali utakula, ndisaname), ndinaika lamulo: "Musapange zanu. Chitani ndendende zomwe ndikuchita ine. Kabokosi kalikonse kakatulukira, dinani povomera." Wina atakweza dzanja kufunsa chifukwa chake, ndinamuyang'ana mpaka dzanjalo linatsika lokha. Kuchokera pamenepo ndikati "Mwamva?" onse ankangoti "Tamva!" Ine mtima mbee.

Tsiku la mayeso ndinawapatsa ntchito yosavuta: pulogalamu yofunsa munthu dzina kenako n'kumupatsa moni. Ndinawaonetsanso kasungidwe kake. Ndinatsegula foda imodzi ya kalasi yonse, n'kusungamo fayilo yanga pa dzina loti "mayeso". Zoti aliyense aike dzina lake, pakamwa panga sizinatuluke.

Mawa lake nditatsegula fodayo, mayo ine! Fayilo imodzi yokha. Inali ya Yusufu, mnyamata wa ku Namwera amene anamaliza pambuyo pa onse, mizere itatu, yonse yolakwika.

Ndinalowa m'kalasi ndikuthithima. Ndinalemba ziro wamkulu pabolodi, ndinawatcha aulesi, ndinalalata mpaka thukuta kamukamu. Kenako (apa ndiye pamandipweteka) ndinaloza kutsogolo: "Ngakhale inu amayi, munthu wamkulu, osapereka ntchito?"

Anaimirira mwaulemu, nakonza mpango wawo. "Aphunzitsi, ife tinachita momwe munanenera."

"Khalani pansi!"

Panapita masiku awiri ndisanadandaulire Che Mdoka, amene amasamalira makompyuta athu. Anaseka mpaka kugwira khoma. "Achimwene, onse anasunga pa dzina limodzi! Aliyense amafufuta ya mnzake. Kompyuta imawafunsa ngati akufunadi kufufuta, iwo n'kumavomera. Anawaphunzitsa zimenezo ndani?"

Pomwepo ndinakumbukira lamulo langa lija.

Lolemba ndinapepesa kalasi yonse, ndipo ndinalengeza kuti mayeso tilembanso. Anyamata anaseka, Yusufu mpaka anawomba m'manja. Koma mpando wakutsogolo unali wopanda munthu.

Ndinawaimbira foni Abiti Saidi. Kumbuyo kwawo kunkamveka phokoso la anthu olimbirana nsomba pa doko. Ndinafotokoza zonse, ndinapepesa, ndinawachonderera kuti abwere.

"Zikomo aphunzitsi, palibe mlandu," anatero. "Koma ndinawauza kale bambo ndi abale onse kuti ndalephera. Ndikabwereranso ndi nkhani yoti wolakwa anali mphunzitsi, andikhulupirira ndani?"

Kenako anafunsa motsitsa mawu: "Komano ndiuzeni chabe. Pulogalamu yanga ija, inali bwino?"

Ndikanatha kunama. Masiku ena ndimalakalaka ndikanangonama. Koma ndinawauza zoona, kuti sindinaione n'komwe, ndipo palibe amene adzaione.

Masiku ano wophunzira akakweza dzanja ndimasiya choko n'kumvetsera, ngakhale funso likhale lopepera bwanji. Koma Abiti Saidi sanabwerenso.