Chidole cha Takondwa

Lolemba

Lero yakwana sabata amake Takondwa ali kuchidikiro ku Madisi. Mwana sanabadwebe. Pakhomo tatsala awiri, ine ndi Takondwa wa zaka zisanu. Sakudya. Akungokhala pakhonde, maso kumsewu.

Dzulo kutchalitchi a Sisitere amagawa mabuku akale a m'katoni. Anzanga anathamangira a zaulimi. Ine ndinapeza latsala limodzi, la zosokasoka: zidole, timadiresi, tizipewa ta ana. Chizungu chokhachokha, koma zithunzi zilimo. Takondwa walitsegula pakati, waloza chidole cha kamtsikana. "Ababa, ichi." Mawu ake oyamba chiyambire m'mawa.

Ndalonjeza. Lamulungu tikamakaona amake, adzapita atachibereka kumsana, chitavala ndi diresi lomwe.

Palibe chovuta. Ndasoka fodya zaka makumi awiri. Ndasoka mabelo osawerengeka. Chidole ndi kabelo ka miyendo basi.

Zofunika:
- nsalu
- singano (ndili nayo, ya mabelo)
- ulusi
- sizasi (kwa achemwali)
- mabatani awiri a maso
- thonje

Lachiwiri

Buku likuti ujambule kaye papepala. Ndajambula pa thumba la feteleza ndi khala.

Nsalu ndaipeza m'sutukesi ya amake, pansi penipeni. Yatsopano, yosachapa, ya maluwa ofiira. Imangokhala. Ndadula pakati, pamene pali maluwa abwino, mbali ziwiri: kumimba ndi kumsana.

Sizasi ya achemwali sidula, imatafuna. Mwendo wina watalika. Ndaufupikitsa. Tsopano watalika ndi winawo. Ndaufupikitsa. Ndalekera pomwepo, kuopa kutsala ndi chifuwa chokha.

Takondwa wamaliza phala lonse uku akuonerera. Wapempha lina!

Fodya wa m'munsi wapsa, akufunika kuthyola. Mawa.

Lachitatu

Singano ya mabelo ikusiya mabowo olowa chala. Ndakabwereka yaing'ono kwa achemwali. Ndalimbana ndi ulusi mpaka dzuwa lakwera. Wandilowetsera ndi Takondwa, kamodzi n'kamodzi.

Ndasoka kuzungulira konse, mothina, moti madzi sangadutse. Ntchito yooneka. Ndatsegula tsamba lotsatira. Likuti usiye kampata kotembenuzira nsalu ndi kolowetsera thonje.

Osanena poyamba bwanji? Wolemba buku ameneyu sakonda anthu.

Ndamasula. Ndasokanso. Ndatembenuza. Dzanja limodzi latsalira m'kati, likukana kutuluka. Ndalikankha ndi kamtengo, latulukira m'khwapa.

Zala zobayidwa: zinayi. Chachisanu ndi chimene chikugwira cholemberachi.

Kumunda sindinapite.

Lachinayi

Thonje kulibe. Kuno kumapiri ndani analimapo thonje? Ndaikamo madeya. Chidole chanenepa bwino, chikukhala chokha pampando ngati mlendo.

Mabatani ndachotsa pa jekete langa la kumaliro. Lina lalikulu, lina laling'ono. Chikuoneka ngati chikukayikira zimene ukunena.

Achemwali abwera kudzatenga sizasi. Aona nsalu yotsala ili pamkeka. Akhala pansi osauzidwa.

"Achimwene, nsalu iyi mwaitenga kuti?"

Ndawauza.

"Imeneyitu ndi yoberekera khanda. Alamu anaibisa mimba isanayambe n'kuoneka komwe. Anati ndiwatumizire Lamulungu."

Ndati yambiri yatsala. Aitambasula. Pakati pali zibowo ziwiri zooneka ngati anthu awiri agwidwa ndi apolisi, manja m'mwamba.

Atenga sizasi. Atenga ndi singano yomwe. Sanatsazike.

Lachisanu

M'mawa ndati ndipiteko kumunda. Ndatenga Takondwa, chidole tachisiya pakhonde kuti chisadetsedwe.

Nkhuku!

Pobwera tapeza zisanu ndi imodzi zili pamwamba pake. Mimba yang'ambika, madeya atha. Tambala akuthamanga ndi diso laling'ono lija. Ndamuthamangitsa kuzungulira chigafa katatu. Walilavula.

Takondwa sanalire msanga. Watola chidole, chili lendelende ngati sokosi. "Ababa, wamwalira?" Ndati ayi, wangokomoka. M'pamene walira. Walira akuitana amake. Ndamunyamula mpaka watonthola. Palibe tsamba la zimenezi m'buku muja, ndayang'anamo.

Zoikamo zatsopano:
1. Zinyenyeswa za fodya wa chaka chatha. Nkhuku sizidya. Takondwa wayetsemula kasanu ndi kawiri. Ndachotsa.
2. Mchenga. Sakutha kuchinyamula.
3. Makoko a mtedza. Chikulira ngati maseche a kwaya, koma chaima.

Mimba ndatseka ndi singano ya mabelo ndi chingwe chake. Chipsera chachikulu, kuchokera pakhosi mpaka pamchombo. Diresi lidzabisa.

Za diresi ndaimitsa kaye.

Loweruka

Ndapita ndi nsalu kwa a Kamanga, telala wa pakhonde la golosale. Ndawapempha chapansipansi kuti aone ngati ingakonzeke. Iwo aimirira, aitambasula poyera, andisuzumira pa chibowo.

"Khandalo lizidzatulukira apa, kapena apa?"

Anthu asonkhana. Wogulitsa mandasi wasiya beseni lake.

A Kamanga akuti zigamba zingatheke, koma osati lero, ali ndi zovala za ukwati. Afunsa kuti ndinadula chiyani. Ndatulutsa chidole m'jumbo. Makina asiya kulira. Mayi wina wachita chizindikiro cha mtanda.

"Bambo, ichi musamayende nacho poyera," atero a Kamanga. "Anthu angakuganizireni zina."

Ndawaonetsa chithunzi cha m'buku. Ayang'ana chithunzi, ayang'ana chidole. Afunsa ngati ndinatsegula tsamba loyenera.

Kunyumba ndamalizitsa. Tsitsi, buku likuti ulusi wachikasu. Ndaika ndevu za chimanga. Pakamwa ndasoka ndi ulusi wakuda. Diresi palibe. Ndachikulunga kansanza m'chiuno.

Madzulo achemwali abweretsa chitenje chawo chakale, chochapa, chopinda bwino. Achiika pampando. "Mukapereke ichi. Zinazo mukafotokoze nokha."

Fodya wa m'munsi uja wagwa yekha. Wandichepetsera ntchito.

Lamulungu

Tapita. Takondwa wachibereka njira yonse, makoko akulira kumsana. Agalu awiri atitsatira mpaka pamlatho.

Amake tawapeza pansi pa mtengo ndi amayi anzawo odikirira. Mwana sanabadwebe. Takondwa wawathamangira. Amugwira masaya, amutembenuza uku ndi uku. "Mwanayu akudya," atero. Ndavomera.

Kenaka Takondwa wamasula kumsana, wawapatsa.

Achigwira. Achitembenuza. Apitisa chala pa duwa lofiira.

"Nsalu iyi ndikuidziwa."

"Eya."

"Yatsala?"

"M'mbalimu."

Ndapereka chitenje cha achemwali. Achilandira osachiyang'ana. Amayi ena aja asiya kucheza. Ndangoyang'ana nyerere.

Amake atembenukira kwa Takondwa. "Nanga mwana wakoyu dzina lake ndani?"

"Ababa."

"Iyayi, ndikuti dzina la chidolechi."

"Ndi Ababa. Simukuona?"

Achikweza m'mwamba, pafupi ndi nkhope yanga. Ayang'ana uku, ayang'ana uku. Akudziletsa kuseka.

"Zoonadi," atero. "Ndi mmene bambo ako amaonekera fodya akabwezedwa ku okushoni."

Aseka atagwira mimba ndi manja awiri, misozi mbwembwembwe. Amayi onse aseka. Chidole chayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa namwino, amene wabwera kudzafunsa ngati wina wayamba kumva ululu.

Potsazikana amake andiuza zinthu ziwiri. Buku ndibwere nalo, iwo ali ndi nthawi. Sutukesi ndisaikhudzenso mpaka imfa.

Takondwa wagonera kumsana kwanga pobwerera, Ababa ali m'khwapa. Pa siteji panaima njinga yamoto. Ndadziyang'ana pa kagalasi kake mwiniwake asakuona.

Pakamwa ndi pomwepo.