Kwa Bwana Amene Amachonga Chizungu cha Okolopa

Kwa Bwana Mkulu woona za Ukhondo,
Kampani ya Mbee-Mbee.

Wolemekezeka Bwana,

Ndine Linnet, mmodzi wa ife okolopa mabafa a anthu a mumgodi kuno ku Mogwase, uja mumamuitana pakafunika womasulira. Pepani ndalemba m'Chichewa. Chizungu changa ndachisunga kuti chisathe mayeso ena asanafike. Ndalemba kuthokoza basi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha pepala la kuseri kwa chitseko. Kale tikamaliza kutsuka bafa tinkangochonga n'kulemba nthawi, ngati anthu osaona m'kalasi. Chibwerereni inu, aliyense amalemba chiganizo chathunthu cha Chizungu, mneni ali pamalo pake, ndipo Lachisanu mapepalawo amabwerera ali psuu ndi cholembera chanu. Mwezi wa Juni tinapempha magolovesi. Kalata yathu inabwerera itakonzedwa malo asanu ndi awiri. Magolovesi sanabwere, jiki watisupula manja, koma tsopano kapemphedwe koyenera tikukadziwa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mayeso a mwezi watha. Ine kupusa kwanga, sindinkadziwa kuti m'Chizungu "ndakolopa", "ndinakolopa" ndi "ndidzakhala nditakolopa" ndi nkhani zitatu zoti munthu n'kutaya nazo ntchito. Ndinkaona ngati mopu ndi yemweyo. Ndinaloweza zonse mu tekisi, ndipo ndinakhoza.

Chachitatu ndi Mayi Conceição, amene analephera. Mwina nkhope simukuikumbuka: ndi aafupi aja a ku Tete, amene amakuperekerani mpata mukamadutsa. Kasukulu kochepa komwe anaphunzira kanali ka Chipwitikizi. Atsuka bafa nambala 3 zaka khumi ndi chimodzi. Paipi ya bafa limeneli imatsekeka ndi matope a pansi pa mgodi shifiti iliyonse ikatuluka, ndipo mayiwa ali ndi waya wawo wopinda kumapeto. Amagwada, n'kutokosa mpaka madzi atayenda. Ndayang'ana bwinobwino pa mayeso aja, funso la waya panalibe. Cholakwa ndi chawo ndithu, anataya zaka n'kugwada m'malo mowerenga.

Sabata yatha munawasamutsira kosesa pakhonde, m'bafa muja n'kuikamo a Bernard, bambo a Chizungu chotulukira m'mphuno. Ndikuyamikeni, munasankha bwino. Pepala lawo lilibe ngakhale kadontho kofiira. N'zoona kuti madzi afika m'akakolo, ndipo amuna akuluakulu akusamba atavala magambutsi, koma pepala likunena momveka kuti bafa latsukidwa. Ndife yani ife kuti titsutsane ndi chiganizo cholondola?

Apa Bwana mundikhululukire, ulemu undithawa pang'ono. Pa bolodi mwakhoma chidziwitso chakuti kontilakiti ya olephera mayeso ikutha Lachisanu lino. Chalembedwa bwino zedi, moti amene chikuwakhudza sanachimve. Mayi Conceição amachidutsa m'mawa uliwonse, tsache lili m'manja. Akuganiza kuti mwawapatsa khonde powamvera chisoni chifukwa cha mawondo, ndipo dzulo anandituma kuti ndikuthokozeni. Ndiye ndathokoza. Akulera zidzukulu ziwiri ku Segwaelane. Tonse tawerenga chidziwitsocho, palibe walimba mtima kuwauza. Ine ndikuchita manyazi, chifukwa amene anandiphunzitsa kufinya mopu tsiku langa loyamba ndi iwowo, ndipo lero wokhoza ndine.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wa ndowa. Ndikudziwa kuti Lachisanu mudzandiitana kuti ndiime pakati pa inu ndi mayiwa, inu muzilankhula, ine ndiziwathyolera m'chinenero chathu. Chonde tsiku limenelo mundipumitse. Chizungu chanu n'chokoma kwambiri, ndingachidetse ndi pakamwa panga. Muchoke kwanu ku Protea Park, muwapeze pakhonde, muwayang'ane m'maso, muwauze nokha, aneni onse ali m'malo mwake.

Akapanda kumva musadandaule. Lolemba adzabwera m'mamawa ndi waya wawo uja, ndipo bafa nambala 3 lidzayera. Pepala lokha ndilo lidzakhale lolakwika.

Ine wanu wodzichepetsa, wa manja osupuka,

Linnet,
Wokolopa wokhoza mayeso.