Yoga ndi mlandu wa alamu anga

Lolemba
Ndachipeza chida! Kabuku ka yoga, kwa mmachinga, venda wa pa Magomeni kuno ku Dar, pakati pa mabatire ndi nsapato za mitumba, kaunjika wa kuno. Masiku ano chilichonse chikulowa m'dziko muno, ngakhale mtendere wa mumtima.

Lamulungu amalume akubwera kuchokera ku Tegeta kudzaweruza nkhani ya ine ndi alamu anga, a Esnati. Miyezi itatu osalankhulana, chiuzireni iwo azimayi a kutchalitchi kuti ntchito yotaipa ija anandichotsa chifukwa cha pakamwa. Zoona, koma anawatuma ndani?

Pulani: kupuma mozama, kudzidziwa ndekha, kukhala phee pa mlandu mpaka IWO apepese. Ine ayi. Olo!

Lachiwiri
Kabuku kakuti ndimvetsere thupi langa. Ndamvetsera. Likunena kuti:
kukutentha
udzudzu
a Esnati ndi njoka.

Lachitatu
Kuima ndi mwendo umodzi ngati mtengo. Ndikutha! Ndayeserera m'daladala, minibasi ya kuno. Kondakitala, m'Chiswahili: "Dada, mwendo winawo mwausiya kunyumba?" Ndamufunsa komwe anasiya mano akutsogolo. Mtendere watsikira pa siteji ya Mwembechai.

Lachinayi
Yokoma kuposa zonse ndi iyi: kugwada pamkeka, chipumi pansi, manja kutsogolo, kupuma kakhumi osalankhula. Mutu mbee!

Mama Zuhura, Msilamu wa chipinda choyandikana nafe, andiwongolera mkeka: "Ku Maka ndi uku, mwanangu." Amayi anga amva. "Mwana wa mkulu wampingo, iwe!" Mkeka abisa.

Lachisanu
Ndawaonetsa amayi zithunzi. "Mzunguyu walakwira ndani kuti azigwada chonchi?" Koma mkeka wabwera.

Ndikupepuka, anthuni! Ndakumana ndi a Esnati pampopi, sindinatsonye. Ndatsonya nditafika kukhitchini, pang'ono chabe. Lamulungu aona.

Loweruka
Mayo ine.

Ndili pabwalo, chipumi pansi, maso otseka, kupuma kwachinayi. Patapata zaima patsogolo panga. Ndati ndimalize kaye kakhumi, mwaulemu wake. Kenaka munthu akulira: "Alamu, dzukani, ndakukhululukirani!"

A Esnati!

Amayi nthungululu. Mama Zuhura m'manja. Ndikuti ndidzuke ndiwauze zoona zake, msana gwa! Ndatsala chogwada, njoka ikundisisita m'mutu. Amayi: "Onani, akukana n'kudzuka komwe!"

Lamulungu
Amalume afika, auzidwa zonse asanakhale n'pansi pomwe. "Mwana wokulira ku Dar kuno kugwada mpaka chipumi pansi? Mlandu palibenso apa." Apemphera, adya pilau, abwerera ku Tegeta. Ine gone chafufumimba m'chipinda. Kupepesa kwa a Esnati sindidzakumva mpaka kalekale.

A Esnatiwo abwera ndi mafuta a msana. Akundipaka okha. Manja awo ndi ofewa, zimenenso zikundinyansa. Ululu ukuchepa.

Ndati zikomo, ndanenera m'pilo kuti asamve.

Amva.