Tsiku Limene Mawu Anga Anamveka ku Nathenje

Abale anga, ine sindizolowera kunena za ine mwini. Ntchito yanga mu kwaya yathu ya ku Mitundu ndi ulembi: anzanga akamalankhula ine ndimamvetsera, n'kulemba zimene anena osathirako mchere. Koma nkhani iyi anthu ayamba kale kuifotokoza pamsika, aliyense mmene akufunira, ndiye bola muimve kwa mwini wake. Sekani ndithu, inenso ndinaseka, kungoti ndinayamba ndalira kaye.

Kwaya yathu ndi yaing'ono, tilipo anthu khumi ndi mmodzi. Otiphunzitsa ndi a Kachingwe, mlimi wa fodya amene Mulungu anawadalitsa ndi makutu. Iwo omwewo ndi amene amatijambula nyimbo pa laputopu ya kwaya. Amakhoma mabulangete m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, n'kumatilowetsa mmodzimmodzi, aliyense aimbe mbali yake pa maikolofoni. Akatero amaphatikiza mawu onsewo mu pulogalamu ya pakompyuta, nyimbo n'kutuluka ngati tinaimbira pamodzi. Laputopuyo imagona kwathu, chifukwa kwathu kuli magetsi, komanso amati Alembi sataya chinthu.

Tsono mnzanga Anabanda, amene timaima moyandikana mu kwaya, mwana wawo Tadala anapeza banja ku Nathenje. Anabanda anapempha chinthu chimodzi chokha: mwana wawo polowa mu holo alowere nyimbo ya kwaya ya mayi ake, osati zija za pawailesi zimene aliyense amalowera. Tinapeka nyimbo, tinaiphunzira milungu isanu, tinajambula. Operekeza akwati anaphunzira masitepe pa kachidutswa kamene a Kachingwe anawatumizira pafoni. Chimene chinatsala ndi kungoitulutsa nyimboyo mu pulogalamu n'kuiika pa fulashi.

Lachinayi a Kachingwe anaitanidwa ku okushoni, fodya wawo wafika pamzere. Anadzera kwathu ali piringupiringu.

"Alembi, nyimbo ndamaliza. Mawa mungotsegula, mudine apa, kenako apa, muike pa fulashi, basi. Ine tikakumana ku Nathenje konko Loweruka. Koma chonde, china chilichonse chimene kompyutayi ingakufunseni, muziyankha kuti ayi."

Mawu amenewa ndinawalemba m'kope. Ndikunenetsa, ndinawalemba, n'kudula mzere kunsi kwake.

Lachisanu m'mawa ndinasesa, ndinasamba m'manja, n'kutsegula laputopu. Imeneyi imakoka intaneti ku foni yanga, ndiye itangoyaka panatulukira kabokosi kokongola. Chizungu changa ndi cha Fomu 2, koma ndinamva bwinobwino: kwatuluka pulogalamu yatsopano, mawu omveka bwino kuposa kale, kodi mukuifuna? Mtima wanga unadumpha! Ndinaganiza za Tadala, mwana amene ndinkamubereka kumsana mayi ake akapita kudimba. Mwana ameneyu alowere nyimbo ya pulogalamu yakale, yatsopano ilipo? Nanga a Kachingwe akanaiona akanaikana? Ndinapemphera, sindinama, koma linali pemphero lija lofunsa Ambuye chala chili kale pa batani.

Ndinadina kuti inde.

Kamzere kanayamba kuyenda, ine ndikuimba chamumtima. Katafika pakati kanaima. Bandulo yatha! Ndinayesa kutsegula pulogalamu yakale, inakana. Yatsopano nayo sinafike. Mayo ine, ukwati ndi mawa, nyimbo ili m'mimba mwa kompyuta!

Ndinakulunga laputopu m'chitenje ngati khanda, n'kukwera kabaza wa ku msika. Kumeneko kuli shopu ya mafoni ya a Che Amidu, yomwe ili ndi intaneti yamphamvu. Ndinawapeza atavala kale mkanjo woyera, akutseka kuti apite ku mzikiti. Anamvetsera nkhani yanga yonse modekha, kenako anafunsa.

"Mayi, mwini wake akudziwa?"

"Ayi, ndikufuna ndiwadzidzimutse."

"Adzidzimukadi," anatero a Che Amidu. "Ine foni yanga ikandifunsa zoterezi ndimadikira anzanga ayambe alira kaye."

Komabe anandilumikiza, n'kundiikira benchi pakhonde, iwo ulendo. Munthu yekhayo amene akanandiletsa anapita kukapemphera, ine n'kutsala ndekha ndi nzeru zanga.

Pulogalamuyo itamaliza kulowa ndinatsegula nyimbo ya ukwati ija, eee, kukongola kwake! Munthu aliyense mu kwaya anali ndi mzere wake wa mawu, dzina lake pambali, mtundu wakewake: Anabanda wobiriwira, a Kachingwe wofiira, wina wachikasu. Ndinkangomwetulira ngati ndaipanga ndine. Kenako maso anga anatsikira kunsi kwenikweni. Kumeneko kunali mzere wolembedwa kuti Alembi, wotuwa ngati phulusa, pambali pake kachithunzi ka sipika kodulidwa mtanda.

Ndinatsegula nyimbo ya Pasaka: Alembi, wotuwa. Ya Khirisimasi: wotuwa. Ya pamaliro, ya zokolola, nyimbo zonse zisanu ndi ziwiri zimene tajambula pa zaka zinayi, mzere wanga wokha ndiwo unali wakufa. Mukudziwa chimene ndinaganiza? Ndinati, taonani pulogalamu yatsopanoyi, yangofika kumene yandipha mawu! Ndinathokoza Mulungu kuti wandionetsa cholakwikacho nthawi ikadalipo. Ndinadina kasipika kaja, mzere unadzuka, n'kukhala wabuluu. Ndinayenda nyimbo zonse, kudzidzutsa ndekha kwa akufa kasanu n'kawiri.

Pa nyimbo ya ukwati panatulukanso kabokosi kena, kofunsa ngati ndikufuna kuti mawu amenewa akhale otsogolera. Ine ndinaona ngati pulogalamuyo ikupepesa. Nanga munthu akupepesa n'kumukanira? Inde wachiwiri ameneyo.

Mudzafunsa kuti kodi sindinamvetsere. Ndinamvetsera! Koma kumanzere kunali chigayo, kumanja wowotcherera zitsulo, kutsogolo makondakitala akuitanira minibasi ya ku Lilongwe, ndipo timasipika ta laputopu timalira ngati udzudzu. Ndinangomva kuti pali chinachake chikuimba, n'kunena kuti ameni. Ndinaika pa fulashi, n'kuimanga pa mfundo ya chitenje. Kunyumba ndinauza bambo a ana anga kuti mawa amva zodabwitsa. Iwo anangoti, "Ambuye atithandize." Ine ndinayesa akundidalitsa.

Loweruka tinakwera lole, kuimba njira yonse mpaka ku Nathenje. Holo inali yodzaza, akuchikazi uku, akuchimuna uko, masipika aatali ngati zitseko za tchalitchi. A Kachingwe anali asanafike. Fulashi ndinaipereka kwa DJ ndi manja awiri. Malo ndinapeza pafupi ndi mayi wina wa kuchimuna, wovala duku lagolide, ndipo ine amene sindidzitama, tsiku limenelo ndinamukodola.

"Nyimbo ikubwerayi ndakonza ndine. Mumvetsere mawu apamwambawo, ndi anga."

"Oho, zikomo," anatero mayiyo. "Timva."

Woyendetsa mwambo anafuula kuti tonse tiimirire, akwati akulowa. Kiyibodi inayamba bwinobwino, ng'oma inalowa, operekeza anayamba sitepe, awiriawiri, mapewa akugwedezeka. Ine mtima uli m'mwamba. Ndiye mwadzidzidzi, m'masipika onse anayi, munthu anatsokomola. Chifuwa chenicheni, chochokera pansi. Kenako mawu anamveka holo yonse:

"Ndiyambe, a Kachingwe? Kofiira kakayaka ndiye kuti kakundimva?"

Anthu anayang'anana. Ine ndinalizindikira liwulo. Lisanathe kundilowa m'mutu, linayamba kuimba.

Abale, ine ndinali ndisanadzimvepo chibadwire. Munthu ukamaimba umamva zimene mtima ukufuna, osati zimene zikutuluka pakamwa. Zimene zinkatuluka m'masipika amenewo zinali ngati chitseko cha khola chosadzola mafuta. Anzanga akamatsika, ine ndikukwera. Anzanga akamaliza mzere, ine ndiye ndikuuyamba. Ndipo poti ndinali wotsogolera, kwaya yonse inkamveka chapatali, ngati ikuimbira kutsidya kwa mtsinje wa Diamphwe, ine ndili pakati pa holo ndekhandekha, mokondwa, mosaopa munthu.

Operekeza anasokonezeka. Ena anatsata ng'oma, ena anatsata ine, awiri a kutsogolo anagundana mitu. Tadala anaima pakhomo, maluwa m'manja, maso akufunafuna mayi ake. Kumbuyo kwathu mkulu wina wa kuchimuna anafunsa mokweza, ndipo ndikubwereza mawu ake mmene anawanenera:

"Kodi mbuzi ija simunaiphebe?"

Mayi wa duku lagolide anatembenuka pang'onopang'ono.

"Ndinu amenewa, mayi?"

Ndikanatha kukana. Koma munthu sunganame pa ukwati woyera, ndiye ndinati, "Ndine."

Anandigwira dzanja ngati pa siwa. "Pepani," anatero.

Ndinkadziwa kuti kutsogolo kukubwera malo ena ake okwera kwambiri, amene ndimawakonda, amene ndimatseka maso powaimba. Ndinapempha Ambuye kuti magetsi azime. Ku Nathenje magetsi amazima tsiku lililonse, koma tsiku limenelo anakhulupirika. Liwu linakwera, linanjenjemera, n'kuthyoka pakati. Khanda lina linalira. Nthawi yomweyo ndinaona a Kachingwe akulowa pakhomo la m'mbali, jekete m'manja, akuthamanga. Bambo wa zaka makumi asanu kulumpha benchi! Anafika pa DJ n'kuzula fulashi ngati akuzula chisoso m'munda.

Zii. Holo yonse zii. Tadala akadali pakhomo, misozi ili pafupi. Apa ndiye ndinasiya kudzimvera chisoni, ndinaona chimene ndachita: mwana wa mnzanga, tsiku lake limodzi lokha, ndipo alibe nyimbo yolowera.

Anabanda anaimirira. Sanayang'ane munthu. Anangoiyamba nyimbo ija ndi pakamwa, mawu awo oyera ngati madzi a pachitsime. A Kachingwe analowa ndi besi ali wefuwefu, anzathu ena onse anaimirira pamene anali n'kulandira. Akuchimuna anayamba kuomba m'manja, nthungululu zinalira, operekeza anaipeza sitepe yawo, ndipo Tadala analowa akuseka, misozi ikutsika. Inenso chimwemwe chinandigwira, ndinasendera pafupi ndi Anabanda, n'kutsegula pakamwa kuti ndithandize. Iwo osasiya kuimba anagwira manja anga awiri n'kuwaombetsa.

"Inu m'manja, Alembi. M'manja."

Mwambo utatha tinakumana kuseri kwa holo, pansi pa mtengo wa mango, kwaya yonse pamodzi ndi bambo a ana anga. Ndinagwada.

"A Kachingwe, ndikhululukireni. Munati ayi, ine ndinati inde. Pulogalamu yatsopanoyo inandizimitsa mawu m'nyimbo zonse, ndiye pofuna kukonza..."

A Kachingwe anavula chipewa, n'kuyamba kuchizunguza m'manja.

"Alembi, dzukani. Pulogalamu ilibe mlandu. Mzere wanuwo ndimazimitsa ndine. Kungoti yakale ija inkandisungira chinsinsi, inkaubisa. Yatsopanoyi ndi yaulula."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira nyimbo yoyamba."

"Sizoona! Pa nyimbo ya Pasaka ndimadzimva bwinobwino. Ndi imene imalira foni yanga ikamaitana, ndakhala ndikuuza anthu kuti ndine!"

Anabanda anatsokomola pang'ono. "Amene uja ndine, mnzanga."

Ndinayang'ana nkhope imodziimodzi. Aliyense anali kufunafuna kanthu pansi. Ndinafunsa kuti akudziwa zimenezi ndani, kenako ndinatembenukira kwa bambo a ana anga kuti andiimire kumbuyo. Iwo anakanda m'mutu.

"Mayi, ine ndi amene ndinakawapempha a Kachingwe."

Zaka makumi awiri ndi zitatu za banja! Ndinafunsa kuti nanga osandiuza bwanji, zaka zinayi zonsezi ndikulowa m'mabulangete muja, kutuluka thukuta, kubwereza katatu a Kachingwe akuti "bwino kwambiri, Alembi"? Anayankha ndi Anabanda, ndipo mawu awo ndinawalemba m'kope momwe muja.

"Tikanakuuzani mukanasiya kubwera. Ndiye tikadwala akanatiyendera ndani? Tikakangana akanatimvetsera ndani? Mawu tili nawo ambiri, Alembi. Inuyo ndiye tili nanu mmodzi."

Pamenepo ndiye ndinalira. Ndili pakati polira ndinakumbukira za mbuzi ija, n'kuphulika kuseka, kwaya yonse n'kugwa nane. Tadala anatipeza tili choncho, anandikumbatira ndi chovala chake choyeracho n'kunena kuti, "Amayi, maukwati onse anthu amaiwala, koma wanga uno ayi."

Lolemba ndikudutsa pamsika, a Che Amidu anasuzumira pa shopu.

"Mayi, anadzidzimuka?"

"Nathenje yonse," ndinatero.

A Kachingwe anatenga masiku awiri kundizimitsanso m'nyimbo zisanu ndi ziwiri zija. Akuti pulogalamu yatsopanoyo ndi yabwinodi, aisunga, kungoti chinthu chotere sasintha ukwati uli mawa, ndiponso sasintha ndi Alembi. Ine ndinalumbira pamaso pa kwaya: kompyuta ikadzandifunsanso kanthu, ngakhale itafunsa ngati ndikufuna kupita kumwamba, ndidzati idikire a Kachingwe abwereko ku okushoni.

Kuimba kokha sindinasiye. M'mabulangete ndimalowabe, mzere wanga wotuwa ulipobe, ndipo tsopano ndimauzimitsa ndekha ndi chala changa. Tsiku lina ndinawauza a Kachingwe kuti zilibe kanthu, ine ndimaimbira Mulungu, ndipo Iye alibe batani lozimitsira munthu.

Anaganiza kaye, kenako anagwedeza mutu.

"Zoona, Alembi. N'chifukwa chake timati ndi woleza mtima."