Tsiku limene ndinaloza apongozi ndi mfuti

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda, koma poti mayi a Tadala aifalitsa kale kwa amayi anzawo a mvano, bola ndiinene ndekha. Mpaka lero ndikaikumbuka ndimatuluka thukuta, mu Glasgow mozizira muno.

Ine ndimachita nawo mipikisano yowombera, ija amati practical shooting. Musanjenjemere. Kuno mfuti zenizeni za m'manja n'zoletsedwa, ndiye ife timagwiritsa ntchito za airsoft, zolavula timikanda ta pulasitiki. Koma malamulo ake ndi a mfuti yeniyeni. Timer ikalira umasolola, kuthamanga, kuwombera ma target, woyang'anira ali pambuyo pako. Lamulo lalikulu ndi limodzi: mfuti iziloza kutsogolo basi. Ukangocheuka nayo kumene kuli anthu, wachotsedwa mu mpikisano wonse, palibe apilo.

Vuto langa linali kuchedwa. Anzanga ku club ankati ndimasolola mfuti ngati munthu wofunafuna tikiti ya basi m'thumba.

Ndiye kunabwera uthenga woti apongozi anga, bambo ake a madam, akubwera kuchokera ku Ntcheu kudzationa. Akuluakuluwa anapuma ku usilikali ali sajeni, ndipo chikwatireni mwana wawo sanandionepo ngati mwamuna wokwanira. “Akamwini aja akadali pa ntchito yodinadina kompyuta?” Funso lawo pa foni linali limenelo chaka ndi chaka. Ndinati ulendo uno aona. Mpikisano wa club yathu unagwera mkati mwa mwezi wa ulendo wawo, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ndikalowa mu top three iwo akuonerera.

Miyezi itatu ndinaphunzira ngati wamisala. Mu flat yathu ku Shawlands ndinamata timapepala toimira ma target pa fridge, pa chitseko cha bafa, mpaka pa kalendala ya tchalitchi. Makatani otseka, kuopa ma neighbour angaitane apolisi. Timer pa foni, piii! Kusolola, kuloza, kubwezera. Piii! Kusolola, kuloza, kubwezera. Ndinagula lamba watsopano, nsapato zatsopano, magalasi achikasu. Munthu wina pa YouTube anati shuga amanjenjemeretsa manja, ine tiyi n'kuyamba kumwa wowawa.

“Bambo a Tadala, kodi fridge imeneyi inakulakwirani chiyani?” anatero madam tsiku lina.

“Mayi, iyi ndi muscle memory. Thupi lizichita lokha, mutu usanaganize.”

“Ehe, mutuwo ndiye mwaupumitsadi.”

Loweruka la mpikisano tinapita atatu ku warehouse ina yakale cha ku Easterhouse, mvula ili waa. Apongozi anavala suti ndi tayi, ndodo m'manja. Woyang'anira, mzungu wandevu dzina lake Dougie, anayamba kufotokoza malamulo. Apongozi anatchera khutu, n'kutembenukira kwa mwana wawo.

“Iwe, Chizungu chimenechi n'cha dziko liti?”

Madam anayamba kuwatanthauzira monong'ona, iwo akugwedeza mutu mwausilikali. Ine mtima unali m'malo.

Nthawi yanga inakwana. Ndinaima pa mzere, nkhope ku ma target, anthu onse kumbuyo kwanga.

“Load and make ready!” anatero Dougie.

Ndikulowetsa magazini ya timikanda mu mfuti, ndinamva mawu a apongozi kumbuyo.

“Bambo a Tadala!”

Ndinakhala ngati sindinamve. Koma m'mutu munayamba msonkhano. Kodi ndinawapatsa mpando? Kapena akwiya poti ndawafulatira? Kwathu munthu sufulatira apongozi, kulibe zimenezo.

“Are ye ready, pal?”

“Akamwini!”

Kachiwiri! Ndinaona kale nkhani ikufika ku Ntcheu: mkamwini wa ku Ulaya uja, apongozi kumuitana kawiri, iye duu ngati chitsa. Ankhoswe kukhala pansi. Dzina langa kutha.

“Standby!”

Piii!

Abale, miyezi itatu ija inagwira ntchito. Mfuti inatuluka m'chikwama chake cha palamba ngati mphezi, sindinasololepo chotero chibadwire. Koma nthawi yomweyo kunamveka liwu la sajeni, lija ankagwedeza nalo perete.

“APHIRI!”

Munthu wamkulu akakuitana ndi mfunda, kachitatu, thupi limadziwa chochita. Nalonso lili ndi muscle memory yake, ya zaka makumi anayi, yophunzitsidwa ndi mayi anga ndi chikoti. Ndinatembenuka thupi lonse, mawondo opinda pang'ono mwaulemu, mfuti nditaigwira bwinobwino ndi manja awiri.

“Wawa bambo!”

Inaloza pa tayi penipeni.

“STOP!” Dougie anakuwa mpaka malata anayankha. Azungu ena anagwa chafufumimba, wina anabisala kuseri kwa tebulo la tiyi. Madam anagwira kumutu. Apongozi okha anaima njii, ndodo ili pansi.

Dougie anandichotsetsa magazini, n'kundiyang'ana mwachisoni.

“That's you done for the day, big man. Fastest draw I've seen aff ye, mind.”

Ndinachotsedwa osawombera ngakhale kamkanda kamodzi. Dzina langa pa bolodi analemba pansi penipeni, kunsi kwa gogo wina amene amawombera atavala magalasi awiri. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Pobwerera tinakwera sitima. Madam ankayang'ana pawindo, mapewa akugwedezeka, kudziletsa kuseka. Titatsala pang'ono kufika m'tauni ndinalimba mtima.

“Pepani bambo. Kodi paja mumandiitanira chiyani? Ndinalakwitsa penapake?”

Apongozi anakonza tayi yawo, n'kupumira m'mwamba.

“Ayi, simunalakwitse. Mwanayu anandiuza kuti mzungu uja wati wocheuka achotsedwa. Ndiye ndimafuna ndikukumbutseni kuti zivute zitani, musacheuke.”

Ulemu ndi wabwino ndithu, koma uziyamba waika mfuti pansi.