A Sanaume ndi Zikwangwani za Mafakitale Akufa

Ngati munadutsapo mumsewu wa mafakitale zaka zapitazi n'kuona mdala woonda ngati burashi ali pamwamba pa makwerero, akulemba mwaluso dzina la kampani imene inafa kalekale, ndiye kuti munawaona a Sanaume. Dzinali analitengera ku mawu awo omwe. Ukangoyandikira khoma, ngakhale loti penti wake anauma iwe usanabadwe, iwo ankakuwa: "Musagwire, sanaume!"

Tauni ikadali tauni, ndiwo ankalemba zikwangwani zonse: cha fakitale ya sopo, cha misomali, ndi chachikulu chija cha mabulangete, chokhala ndi nkhosa yomwetulira. Kenaka mafakitale anayamba kuguluka ngati mano a nkhalamba. Anthu anasamuka, eni masitolo anakhoma matabwa m'mawindo. A Sanaume okha ndiwo anakana kumva uthenga wa malirowo. M'mawa uliwonse ankanyamula zitini za penti, mlamu wawo n'kusenza makwerero.

Mlamuyo anali mchimwene wa akazi awo. Anagwira ntchito zaka makumi awiri pa makina opota ulusi ku mabulangete, ndipo chitsekereni fakitale analibe kopita kukacha. Choncho ankatsatira, akung'ung'udza njira yonse.

"Alamu, mtembo ngakhale muudzoze mafuta sudzuka."

"Gwirani makwerero inu. Nyumba yopanda dzina ndi bwinja. Yokhala ndi dzina ndi kampani imene yangotsamira kaye. Wogula akabwera, agula chiyani ngati sakuwerenga kanthu?"

Wogulayo a Sanaume ankamudikira ngati mvula, ndipo chifukwa chake chinali kunyumba. Ana awo onse anayi anali atapita kutali kukasaka ntchito, ndipo mayi a kunyumba anali atamanga kale mitolo iwiri n'kuiika pakhomo pa chipinda, poti bambo aziipunthwa tsiku ndi tsiku.

"Bambo, chaka chino chikatha ine ndikutsatira ana. Inu mutsale ndi nkhosa yanu, izikuphikirani."

"Mayi, fakitale ikatsegulidwa ana abwera okha. Mukufuna tiphonyane nawo panjira?"

M'mabwinjamo ankalowa ngati kwawo. Ankakwawa pansi pa waya, kudutsa udzu wofika m'khwapa, n'kuodira pakhomo lopanda chitseko. Mileme inkawayankha. Mlamu ankaponda mosamala, poti matabwa apansi anali atafumbwa, koma a Sanaume maso anali m'makoma basi, kusaka zilembo zawo zakale pansi pa zitosi za nkhunda.

Tsiku lina, kuseri kwa kabati ya mu ofesi ya fakitale ya sopo, anapeza thabwa lolembedwa kuti NTCHITO ILIPO, FUNSANI PA GETI. Analipukuta ndi malaya awo ngati mwana wotayika. Mlamu analigwira, iwo n'kulipenta mwatsopano, zilembo zofiira zokhala ndi mthunzi wakuda. Atamaliza analitsamiritsa pa geti kuti liume, n'kupita kwawo.

Kutacha, mzere unali utafika pa mphambano. Anthu mazana awiri, malaya ositasita, maenvulopu m'manja, ena atayenda wapansi kuchokera kutsidya kwa njanji. A Sanaume anafika ndi zitini zawo, ndipo munthu wachisanu ndi chiwiri pamzerepo anali mlamu wawo, atamanga tayi.

"Alamu! Si inu munandigwirira thabwali dzulo?"

"Ndinagwira, inde. Koma nditaona mzere ndinati mwina pali zimene sindikudziwa."

Anthu atauzidwa zoona sanawamenye. Bola akanawamenya. Anangopinda maenvulopu awo n'kumabalalika mwakachetechete, ndipo mayi wina wobereka mwana anabwerera kudzafunsa mwaulemu kuti, "Ndiye tidzabwere liti, bambo?"

Chaka chili pafupi kutha, mitolo ya mayi itafika isanu, galimoto yoyera inaima pa geti la mabulangete. Munatuluka bwana wa suti, wamimba yabwino, n'kuyang'ana nkhosa ija nthawi yaitali. A Sanaume anatsika pa makwerero osaponda masitepe atatu omaliza.

"Mwaiona bwanji, bwana? Ili ndi moyo, eti?"

"Ndikadapitirira, mdala. Ndimayesa kuno kunatha kale zonse. Chikwangwanichi ndicho chandiimitsa. M'katimo mudakali zinthu?"

A Sanaume anacheukira mlamu wawo ndi diso loti, mwamva?

Anamuyendetsa bwanayo tsiku lonse. Anamuonetsa makina opota ulusi, mizati yachitsulo yonyamula denga, thanki yaikulu ya kuseri. Anamutsegulira ngakhale chipinda chapansi chimene akuba sankachidziwa, mmene munali mawaya a kopa okulungakulunga.

"Chitsulo chenicheni ichi, bwana, osati zamasiku ano. Menyani mumve!"

Bwana ankamenya, n'kumwetulira, n'kulemba m'kabuku. Koma mlamu, amene ankayenda kumbuyo, anaona kuti munthuyo sanafunse ngakhale kamodzi ngati makinawo angalirenso. Ankangotulutsa kamaginito m'thumba n'kukagunditsa pa chilichonse. Mlamu anawakoka malaya a Sanaume.

"Alamu, wogula ng'ombe yolimira amayang'ana miyendo. Uyu akuyang'ana nyama."

"Nsanje basi. Mukuopa kuti sakulembani chifukwa cha ukalamba."

Madzulo ake a Sanaume anamasula okha mtolo umodzi wa mayi n'kubwezera mbale pa shelefu.

Patatha milungu iwiri kunabwera malole atatu ndi anyamata onyamula mabotolo a gasi wodulira zitsulo. Bwana anali atagula zonse, kuti akagulitse pa sikelo. Mlamu anayembekeza kuti a Sanaume agwa pansi kapena agenda munthu ndi chitini. Iwo anangoima, burashi ili m'manja, akumvera makina akulira komaliza pansi pa nyundo.

Bwana anawaona. "Mdala, mwandithandiza kwambiri. Ndikufuna chikwangwani pa getipa, anthu angavulale. Mulembe kuti CHENJERANI, TIKUGWETSA."

"Mukaneni!" ananong'ona mlamu. "Mutukwaneni, ine ndikuthandizani!"

A Sanaume anayang'ana burashi yawo. Zaka khumi ndi zisanu zinali zitapita popanda munthu wowauza kuti, tandilemberani.

"Mukufuna zilembo zamtundu wanji, bwana?"

Anachilemba masiku atatu. Amene anachiona amati m'moyo wawo wonse sanalembepo chokongola chotero: zilembo zoongoka ngati asilikali, mthunzi wabuluu, timaluwa m'makona. Mlamu anagwira thabwalo osang'ung'udza, ndipo ankayang'ana kumbali dala, poti mdalayo ankapukuta m'maso ndi nsanza ya penti mpaka nkhope yonse inachita mawangamawanga.

Khoma la nkhosa litagwa, a Sanaume anapita kunyumba n'kumanganso mtolo uja ndi manja awo. Anakwera basi ndi mayi. Kwa anako anakhalako miyezi inayi yokha. Ana amati sanadwale kwenikweni. Ankangokhala pakhonde, kuyang'ana khoma la aneba lopanda chilembo n'chimodzi chomwe, mpaka tsiku lina sanadzuke.

Mlamu adakalipo. Kukacha amayendabe mumsewu uja, manja kumbuyo, poti phewa linazolowera katundu ndipo silidziwa chochita. Dzuwa ndi mvula zagwira ntchito yawo mwakhama kuposa kampani iliyonse imene inakhalapo kuno. Makoma onse tsopano ndi otuwa mofanana, ngati anthu obwera kumaliro amodzi.

Mwezi wathawu mwana wamkulu wa a Sanaume anabwera ndi mkazi wake kudzamuonetsa kumene anakulira. Anaima pakati pa msewu, akutembenukira uku ndi uku.

"Amalume, ya sopo inali iti? Iyi kapena iyo?"

Mlamu anakweza dzanja kuti aloze. Linapita kumanzere, linabwerera kumanja, linaima m'malere. Kenaka analibweza m'thumba pang'onopang'ono.

"Tiyeni tizipita, mphwanga," anatero. "Amene ankadziwa anapita."