Loya wa Che Amisi

Lolemba

Ndafika ku Mangochi. Kutentha! Shati yanyowa ndisanatsike basi.

Jaji wa khoti lalikulu ali kuno sabata ino kudzamva milandu ya apilo, ndipo kwa nthawi yoyamba abwana andituma ndekha kudzaimira boma. Mlandu wanga ndi wa Lachinayi. Munthu wina wothawa nkhondo ku Mozambique, dzina lake Amisi, anamugwira pamsika ndi zitini za mafuta ophikira a chithandizo. Majisitireti anati ndi katundu wakuba, n'kumutumiza kundende. Iye wachita apilo. Ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti akhale momwemo.

Zoti ndichite:
kupambana;
kumeta tsitsi;
amayi asadziwe kuti ndili pafupi mpaka nditamaliza.

Chachitatucho chafa kale. Ndikulowa kwa achemwali, kumene ndikugona, ndapeza amayi ali tambalale pamkeka. Achemwali anawatumizira uthenga, iwo n'kukwera matola kuchokera ku Lungwena. Pambali pawo pali mayi wina wowonda, mwana kumsana.

"Uyu ndi Abiti Saidi, mkazi wa Che Amisi," akutero amayi. "Ndinamuuza kuti asalire, mwana wanga ndi loya. Si uyu wabwerayu?"

Amisi wake yemweyo! Ndiye munthu uja anawanyamula amayi pa njinga kupita nawo kuchipatala atadwala malungo dzinja lathali. Nkhaniyo ndinaimva ndili ku Blantyre. Dzina sindinafunse.

Ndangoti, "Mwaswera bwanji, mayi?" n'kuthawira kubafa.

Lachiwiri

Lero ndiwauza. Ndadzuka nditakonza mawu.

Mawuwo asanatuluke, Abiti Saidi wagwada pakhomo ndi tambala m'manja. Akuti ndi yekhayo amene ali naye. "Sikomo kwejinji, bwana loya." Ndakana. Amayi andiyang'ana ngati ndatukwana. Ndalandira.

Masana ndayesanso. "Amayi, maloya alipo a mitundu iwiri."

"Ndikudziwa. Abwino ndi oipa. Samba m'manja."

Pa mbale pali tambala uja. Loya wa boma kudya nkhuku ya mkazi wa mkaidi! Izi atazimva abwana, ntchito yatha. Ndimati ndingolawa msuzi. Ndadya ntchafu zonse, ndi chiwindi chomwe.

Kumeta sindinapite. Wometa wa pafupi ndi mlatho akuti wamva kale za ine, ndipo andimeta ulele.

Lachitatu

Ndapita ku positi ofesi kukaimbira abwana foni kuti atumize wina. Laini ikungolira ngati mafuta pamoto.

"Ndi m'bale wako?"

"Ayi bwana, koma…"

"Ndiye vuto n'chiyani? Usandichititse manyazi kumeneko."

Ndawerenganso fayilo mofatsa. Mlanduwu ndi wobooka ngati ukonde wakale. Palibe amene anadandaula kuti wabedwa mafuta. Zitini zomwezo sizinafike pamaso pa majisitireti. Amisi ananena kuyambira pachiyambi kuti anasinthanitsa ndi utaka kwa anzake a ku msasa wa othawa nkhondo, omwe anatopa ndi nandolo tsiku ndi tsiku. Loya wolimba mtima akhoza kungoimirira n'kunena kuti boma silikuikira kumbuyo chigamulochi. Koma uwu ndi mlandu wanga woyamba. Ndikabwerere ku ofesi ndisanaponye n'chibakera chimodzi chomwe?

Ndikufika kunyumba ndapeza mkanjo wanga wakuda wa kukhoti uli pa chingwe. Abiti Saidi wauchapa, ndipo akupemerera makala a simbi. Akuti loya wa mwamuna wake asakaoneke ngati wagona m'bwato.

Wausita bwino kwambiri. Ku Blantyre sunaongokepo chonchi.

Mawa m'mawa ndiwauza, tisananyamuke.

Lachinayi

Sindinawauze.

Khoti ladzaza anthu a ku Lungwena. Amayi kutsogolo, mpango watsopano kumutu. Apolisi alowa naye Amisi. Ndi munthu wamfupi, wa imvi zochepa, ndipo alibe loya. Choncho m'chipinda chonse, kupatula jaji, wovala mkanjo ndine ndekha. Aganize chiyani anthu?

Zonse zikuyenda m'Chingerezi. Womasulira wakhala pafupi ndi Amisi, akumunong'oneza kukhutu.

Jaji: "Mafutawa anabedwa kwa ndani?"

Ndatchula gawo la lamulo.

Jaji: "Sindinafunse lamulo. Kwa ndani?"

Ndatchula gawo lina. Thukuta likutsikira mu sokosi.

Jaji: "Nanga zitinizo zili kuti?"

Apa ndiye mutu unasokonekera. Ndinakweza mawu, n'kuloza Amisi ndi chala, n'kunena kuti anthu ngati awa dziko lathu lawalandira ndi manja awiri, iwo n'kumabweza ndi kuba, ndipo khoti liwaphunzitse. Mawu amenewo mu fayilo mulibe. Atuluka mwa ine ndemwe.

Kumbuyo wina anati, "Eeh, akuyankhula mwanayu!"

Jaji anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndili ndi china chokhudza umboni. Ndinalibe. Chigamulo mawa.

Panja amayi akuuza anthu kuti, "Mwamuona mmene amamulozera? Amati muyang'aneni bwino, kodi nkhope iyi ndi ya wakuba?"

Lachisanu

Apilo yatheka. Amisi ndi mfulu. Jaji wawonjezera kuti mawu ena a woimira boma dzulo anali osayenera m'khoti. Wanena akundiyang'ana, pang'onopang'ono, kuti kalaliki alembe bwino.

Ndagonja! Ndipo ntchembere zikululutira!

Abiti Saidi wagwa pansi akulira, wagwira nsapato yanga. Amuna andigwira mkono kupita nane ku mzikiti ku swala ya Ijumaa, mkanjo uli m'khwapa. Swala itatha, mkulu wina wa ku Lungwena watsogolera duwa, pemphero lopempherera "mwana wathu amene sukulu sinamuiwalitse kwawo." Anthu onse: "Amina." Ine ndikuwerenga mizere ya mkeka.

Chodabwitsa n'chakuti mumtima ndasangalala kuti watuluka. Komanso zikundiwawa kuti ndagonja. Chochititsa manyazi kwambiri pa ziwirizi sindikuchidziwa.

Loweruka

Tonse ku Lungwena, pa lole ya nsomba. Sadaka yothokoza: mpunga, mbuzi ya amalume, anthu mpaka kumsewu. Andikhazika pa mpando wokhawo wa ndalema.

Titadya, Amisi anandikodola kuti tikaone chinangwa chimene anawadzalira amayi kuseri kwa nyumba. Pakati pa munda anaima n'kuthyola tsamba lodwala.

"Anthu ngati awa," anatero. "Womasulira uja ntchito yake amaidziwa, achimwene. Sanasiyeko liwu."

Ndinayamba kufotokoza za abwana, za mmene ntchito yathu imakhalira.

"Kwathu asilikali ankanenanso choncho, kuti atumidwa," anatero, osakweza mawu. "Koma inu simunaphe munthu. Mwangoyankhula."

Ndinamupempha kuti andikhululukire.

"Zimenezo tidzaona. Koma amayi musawauze. Mkazi wanganso sindinamuuze. Sabata ino amayi anu ayenda mutu uli m'mwamba, asiyeni." Anataya tsamba lija. "Muzibwera kawirikawiri. Amakutchulani tsiku lililonse, mpaka ife tinatopa nanu tisanakuoneni."

Tinabwerera ku bwalo atandigwira dzanja. Anthu anaomba m'manja.

Lamulungu

Pa depoti ya basi. Lipoti la abwana ndalilemba pa bondo, ndipo ndi lalifupi: boma lagonja. Zimene ananena jaji akaziwerenga okha, zikubwera pambuyo panga.

Amayi andiperekeza. Basi yadzaza, mipando yatha, ndaimirira pakati pa madengu a usipa. Ndimaganiza kuti zatha. Koma amayi afika pa windo.

"Inu a m'basimu! Mumuyang'anire mwana wangayo. Ndiye loya uja anatulutsa wa ku Mozambique uja."

Mitu yonse yatembenuka. Mayi wina wa ku Katuli wayamba kale kundifotokozera za mlongo wake amene ali m'ndende chifukwa cha mbuzi. Kondakitala akuti chikwama changa chisakwere padenga, achisunga yekha. Bambo wina wachikulire, wa ndodo, wanyamuka pampando wake.

"Khalani apa, bwana loya."

Ndakana. Wakakamira. Ndakananso, ndipo basi yonse yayamba kundidzudzula kuti ndikunyoza ulemu wa munthu wamkulu. Amayi akadali pa windo, akuyang'ana.

Ndakhala.